Mmene Khonsolo ya Kumudzi ku America Ingagulire Mabini a Matayala Otolera Zinthu Zokapangidwanso

Ku United States ntchito yosamalira zinyalala za m'makomo ili m'manja mwa maboma ang'onoang'ono, omwe ndi mizinda, matauni ndi madera otchedwa county, ofanana pang'ono ndi makhonsolo a maboma amene timawadziwa ku Malawi. M'zaka zapitazi makhonsolo ambiri a kumeneko asiya timabokosi ta malita pafupifupi 68, tomwe munthu ankanyamula pamanja n'kukasiya m'mbali mwa msewu, ndipo ayamba kugawira banja lililonse bini yaikulu ya matayala awiri ndi chivundikiro, yoikamo mapepala, makatoni, zitini ndi mabotolo zoti zikapangidwenso zinthu zina. M'tauni zimenezi sizivuta kwenikweni chifukwa nyumba n'zoyandikana. Kumudzi, kumene khomo lina ndi linzake zimatha kutalikirana kilomita yathunthu ndipo misewu ina ndi yafumbi, nkhani yake ndi ina. Malangizo awa ndalembera khansala, wogwira ntchito kukhonsolo kapena membala wa komiti amene wapatsidwa udindo wotsogolera kugula mabini oterewa. Mfundo imene ndikupempha kuti muigwiritsitse kuyambira pachiyambi ndi yakuti bini ndiyo imagulidwa pomaliza, zina zonse zitalongosoka.

Choyamba: dziwani kumene katunduyo akupita

Musanayang'ane kabuku ka wogulitsa aliyense, kwerani galimoto mupite kumalo osankhulira zinthu zokapangidwanso amene ali pafupi ndi dera lanu. Kumeneko amawatchula mwachidule kuti MRF, ndipo ndi fakitale imene katundu wotoleredwa m'makomo amakhuthulidwa pa malamba oyenda, makina ndi anthu n'kumapatula mapepala paokha, zitini pazokha, mapulasitiki paokha, kenako n'kuzimanga mitolo yokagulitsa. Ngati malo otere ali kutali, mudzafunika pokaunjika katunduyo kaye kuti lole yaikulu izinyamula ulendo umodzi, ndipo mtengo wa ulendo umenewu ungathe kuposa mtengo wa mabini onse m'zaka zochepa chabe.

Mukafika afunseni oyang'anira fakitaleyo mafunso anayi, ndipo mayankho ake muwalandire olembedwa. Afunseni zinthu zimene amalandira ndi zimene salandira, ndalama zimene amalipiritsa pa tani iliyonse, kuchuluka kwa zinyalala zosafunika zimene amalola kuti zipezeke m'katundu wanu asanayambe kukulipiritsani chindapusa, komanso zaka zimene angalole kusainirana nanu mgwirizano. Funso lachitatulo ndi lalikulu kuposa mmene limamvekera. Mu July 2017 dziko la China linalengeza kuti lisiya kulandira mitundu 24 ya zinyalala zochokera kunja, lamulolo linayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa 2018, ndipo pa katundu amene linapitiriza kulandira linalamula kuti zosafunika zisapitirire 0.5 peresenti. Popeza katundu wambiri wa ku America ankapita kumeneko, mitengo ya mapepala osakaniza ndi mapulasitiki inagwa, makhonsolo amene kale ankalandira ndalama anayamba kulipira, ndipo ena analeka ntchitoyi. Kuyambira nthawi imeneyo eni mafakitale osankhulira sakhala ndi chisoni pa katundu wauve.

Ulendo womwewu ndi umene udzakuuzeni ngati zinthu zonse zidzalowa m'bini imodzi kapena ngati mapepala adzakhala paokha, mabotolo ndi zitini pazokha. Bini imodzi ndi yosavuta kwa mwini khomo ndipo galimoto imayenda mofulumira, koma botolo lagalasi likasweka zidutswa zake zimalowa m'mapepala n'kuwatsitsa mtengo. Emmet County, dera lakumudzi la kumpoto kwa Michigan lomwe likulu lake ndi Petoskey, imadziwika chifukwa chosunga njira yopatula mitundu iwiriyi ndiponso kuyendetsa yokha fakitale yake pafupi ndi Harbor Springs, ndipo katundu wake amatuluka waukhondo. Sindikunena kuti dera lililonse litengere zimenezo, popeza zimadalira fakitale imene muli nayo pafupi, koma chisankhocho chiyenera kuchitika tsopano, chifukwa ndicho chidzanene kukula kwa bini ndi mawu olembedwa pa chivundikiro.

Ine nditayendera fakitale ina yotere ndinafika nthawi imene makina anali atazimitsidwa masana. Amuna awiri ovala magolovesi okhuthala anali atakwera pamwamba pa zitsulo zozungulira zimene zimapeta makatoni, akudula ndi mipeni majumbo, zingwe ndi paipi yothirira m'dimba zimene zinali zitakulungana pamenepo ngati chilambe pa mtengo. Woyang'anira anandiuza kuti ntchito imeneyo imachitika tsiku lililonse. Ndikulangiza kuti makhansala onse amene adzavote pa nkhaniyi akaone zimenezi ndi maso awo, chifukwa munthu amene waziona sakananso kuika ndalama zophunzitsira anthu mu bajeti.

Chachiwiri: werengani makomo, kenako yendani misewu

Chiwerengero cha mabini chimachokera ku chiwerengero cha makomo okhalamo anthu, osati cha malo olembedwa m'kaundula wa msonkho. Tengani mndandanda wa ofesi yowerengera msonkho wa malo, muuyerekeze ndi mndandanda wa maadiresi amene amagwiritsidwa ntchito pa nambala ya ngozi ya 911, ndipo ngati pali kampani imene ikutolera kale zinyalala m'derali muipemphe mndandanda wa makasitomala ake. Mindandanda itatuyi sidzagwirizana. Mudzapeza minda yopanda nyumba, nkhokwe ndi makola zimene zili ndi adiresi, malo amodzi okhala ndi mabanja atatu, komanso tinyumba ta m'mphepete mwa nyanja kapena ta alenje timene mumakhala anthu miyezi yochepa pa chaka. Lililonse mwa magulu amenewa khonsolo iligamule poyera kuti lilandira bini kapena ayi.

Mndandanda ukayera, yendani msewu uliwonse pamodzi ndi dalaivala amene amayendetsadi galimoto yotolera zinyalala. Ntchito imeneyi imatopetsa ndipo ambiri amaidumpha podalira mapu a pa kompyuta, koma mapu sasonyeza nthambi zotsika zimene zingakole mkono wa galimoto, mlatho umene suloledwa kunyamula galimoto yolemera, kapena kamsewu kothera pageti popanda pokhotera. Lembani misewu ya eni ake, imene khonsolo siikonza, chifukwa galimoto singalowemo popanda chilolezo cha eni malo, ndipo ikawononga msewuwo mlandu umabwera kwa inu. Onaninso mmene mbali mwa msewu mulili: pamene pali ngalande yakuya kapena potsetsereka, bini siingaime. M'madera ogwa chipale chofewa funsani oyendetsa magalimoto okankha chipalecho kumene amachiunjika.

Pa ulendowu mudzaona kuti makomo ena sangatheke kuwafikira pa mtengo woyenera. Musawakakamize, ndiponso musawataye. Kwa amenewa njira yabwino ndi malo amodzi osonkhanitsira mabini pamphambano ya msewu waukulu, kapena malo okasiyako katundu okhala ndi makontena akuluakulu, amene madera ambiri akumudzi ali nawo kale. Ngati malo okasiyakowa alipo, musafulumire kuwatseka mabini akangofika.

Chachitatu: gwirizanani za galimoto ndi masiku otolera

Bini ya matayala inapangidwira galimoto yokhala ndi mkono wachitsulo umene umaigwira m'chiuno, kuikweza, kuikhuthula n'kuibwezera pansi dalaivala asanatsike, kapena galimoto yopakirira kumbuyo yokhala ndi chokwezera chimene chimakola kachitsulo ka kutsogolo kwa biniyo. Munthu sanganyamule bini yodzaza ndi manja osavulala msana. Choncho muyenera kudziwa ngati khonsolo idzagula galimoto yake kapena idzalemba ntchito kampani, ndipo ngati ndi kampani, mgwirizano wake usainidwe mabini asanaitanitsidwe. Mumgwirizanomo mulembe momveka kuti mabini ndi a khonsolo. Kampani ikakhala mwini wake, tsiku limene mudzafune kusintha wotolera idzachotsa mabini ake onse, ndipo mudzayambiranso pachiyambi.

Kumudzi kutolera kamodzi pa masabata awiri ndiko kumagwirizana ndi thumba la makhonsolo ambiri, popeza zimene zimadya ndalama ndi mafuta ndi maola a dalaivala, ndipo mapepala ndi zitini zotsukidwa sizinunkha ngati zotsala za chakudya. Chisankho chimenechi chimakoka chinzake: mukatolera pa masabata awiri, bini iyenera kukhala yaikulu, ya magaloni 95 kapena 96, omwe ndi malita pafupifupi 360. Ya magaloni 64, malita pafupifupi 240, muisungire okalamba ndi anthu okhala okha amene angapemphe yopepuka.

Chachinayi: pezani ndalama, za lero ndi za mawa

Ndalama zogulira mabini zimapezeka mosavutirapo kusiyana ndi ndalama zoyendetsera ntchito chaka ndi chaka, ndipo apa ndi pamene makhonsolo amakodwa. Bungwe la The Recycling Partnership, lomwe linayamba mu 2014, lakhala likupereka thandizo la ndalama kwa makhonsolo ogula mabini a matayala pamodzi ndi zipangizo zophunzitsira anthu. Kampani ya Closed Loop Partners yakhala ikubwereketsa ndalama kwa makhonsolo pa zipangizo za ntchito yomweyi. Lamulo la zomangamanga limene linasainidwa mu November 2021 linapatula madola 275 miliyoni kuti bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA ligawe pa ntchito zotere, ndipo nthambi za zachilengedwe za maboma a zigawo zambiri zili ndi thumba lawo. Funsani aliyense wa amenewa ngati akulandira makalata opempha chaka chimenecho ndi zimene amafuna, ndipo muchite zimenezi musanatulutse tenda, chifukwa opereka thandizo ena amaika malamulo awo pa kukula kwa bini, pa pulasitiki wokonzedwanso amene ayenera kukhalamo, ndiponso pa kugawira makomo onse m'malo mwa okhawo amene alembetsa. Ambiri sabweza ndalama zimene munagwiritsa ntchito musanasainirane nawo.

Powerengera, musaiwale kuti mtengo wa bini si wa pulasitiki yekha. Onjezani mtengo woinyamula kuchokera kufakitale, woilumikiza matayala, wokaisiya pakhomo, wa mabini apadera osungira kukhonsolo, wa zivundikiro ndi matayala osinthira, ndi wa makalata opita kwa anthu. Kenako, papepala lina, lembani zolipira za chaka chilichonse: kutolera, kunyamula, kusankhula ndi munthu woyankha lamya. Chotsanipo ndalama zimene mudzapulumutse kumtaya pa tani iliyonse imene sidzapitakonso. Chotsalacho ndicho chiyenera kukhala ndi gwero lokhazikika, kaya ndi ndalama yoikidwa pa khomo lililonse kapena msonkho umene anthu avomereza pa voti, malinga ndi malamulo a chigawo chanu. Ndalama zogulitsa katunduyo musazidalire pa bajeti, popeza mitengo yake imakwera ndi kutsika ngati ya fodya kumsika.

Ziwerengero zimenezi muzitengere kumsonkhano wa anthu onse musanavote. Kumudzi mudzakumana ndi mabanja amene akhala akuwotcha zinyalala mumgolo kuseri kwa nyumba kuyambira nthawi ya agogo awo, ndipo kwa iwo ndalama iliyonse yatsopano ndi yolipira chinthu chimene ankachita ulere. Muwamvetsere mwaulemu, muwauze mtengo weniweni wa pa khomo pa chaka, ndipo muwafotokozere kuti utsi wa pulasitiki wowotchedwa mumgolo umatulutsa poizoni wotchedwa dioxin amene amagwera pa msipu ndi m'madimba awo omwe.

Chachisanu: lembani zimene mukufuna ndipo mutulutse tenda

Tsopano ndi pamene mungayambe kukamba za bini yeniyeniyo. M'chikalata cha tenda mulembe kuti ikhale ya pulasitiki wolimba wotchedwa HDPE wothiridwa mankhwala oteteza ku dzuwa, ndipo ikwaniritse miyezo yovomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo ku America la ANSI, yomwe ndi ANSI Z245.30, ya chitetezo, ndi ANSI Z245.60, yomwe imatsimikiza kuti biniyo ikugwirizana ndi zokwezera za magalimoto. Mufune chitsimikizo cha zaka 10, chomwe opanga akuluakulu amapereka, ndipo muwerenge bwino kuti muone ngati chikuphatikiza chivundikiro, matayala ndi ndalama yonyamulira zosinthira. Pa misewu ya miyala ndi matope pemphani matayala akuluakulu ndi chitsulo cholimba chowalumikiza. Funsaninso mphamvu ya mphepo imene bini yopanda kanthu ingapirire isanagwe, chifukwa m'zigwa zopanda mitengo bini yokhuthulidwa m'mawa imapezeka m'ngalande madzulo. Kumene kuli zimbalangondo, kambiranani ndi oyang'anira nyama zakutchire ngati pakufunika chivundikiro chokiya, koma dziwani kuti mabini otere ndi okwera mtengo kwambiri ndipo ayenera kuyesedwa kaye ndi galimoto yanu.

Bini iliyonse ikhale ndi nambala yake yodindidwa pathupi, dzina la khonsolo, ndi kachipangizo kowerengedwa ndi makina kotchedwa RFID, kamene kamalumikiza nambalayo ndi adiresi ya khomo. Pa chivundikiro pakhale zithunzi za zololedwa ndi zoletsedwa, zoumbidwira m'pulasitikimo kuti zisasupuke, ndipo zithunzizo zichokere pa mndandanda umene fakitale yosankhulira inakupatsani, osati m'kabuku ka wogulitsa. Mtundu wake usiyane ndi wa bini ya zinyalala zotaya; ambiri amasankha wobiriwira ngati thambo.

Opanga odziwika ku America ndi monga Toter, Rehrig Pacific, Cascade, Otto ndi Schaefer. Khonsolo ingathe kuitanitsa tenda yakeyake, kapena, ngati malamulo ake ogulira katundu akulola, kugula kudzera m'bungwe logulira pamodzi monga Sourcewell la ku Minnesota, lomwe limakhala litapikisanitsa kale ogulitsa. Kwa khonsolo yaing'ono njira yachiwiriyi imapulumutsa miyezi, komabe ndi bwino kufunsa mitengo kwa ogulitsa awiri kapena atatu kuti muyerekeze. Funsaninso makhonsolo oyandikana nanu ngati angagule nanu limodzi, popeza lole yodzaza imatsitsa mtengo wa bini iliyonse. Musanasankhe wopambana, aliyense atumize bini imodzi yachitsanzo. Muidzaze manyuzipepala, muikankhe pa msewu wa miyala, muipereke kwa munthu wachikulire kuti aikoke, ndipo galimoto iikweze ndi kuitsitsa kambirimbiri. Bini imene imatsetsereka m'mkono wa galimoto n'kugwera m'kati imadziwika pa tsiku limenelo.

Chachisanu ndi chimodzi: uzani anthu, kenako gawani

Kalata yoyamba ifike pakhomo lililonse milungu ingapo mabini asanabwere, yofotokoza sabata imene adzafike, tsiku loyamba kutolera, ndi nambala yoimbira. Kumudzi musadalire intaneti yokha. Uthengawo upite kunyuzipepala ya m'deralo, kuwailesi, kumatchalitchi, kusitolo ya zakudya za ziweto ndi kusukulu, ndipo kumene kuli mabanja ogwira ntchito m'minda amene amalankhula Chisipanishi kapena chinenero china, kalatayo ikhalenso m'chinenero chawo.

Mabini amabwera atalowetsana m'kati, opanda matayala, choncho mufunika bwalo lalikulu louma lotsitsirapo ndi kulumikizirapo. Nthawi zambiri wogulitsa yemweyo amabweretsa gulu logawa, ndipo mumgwirizano mulembe kuti pa khomo lililonse awerenge nambala ya bini ndi makina n'kuilumikiza ndi adiresi, kenako akupatseni kaundula wonse. Muwapatse munthu wodziwa derali kuti aziyenda nawo, chifukwa kumudzi mabokosi a makalata a mabanja asanu amatha kuima pamodzi pamphambano nyumba zake zili kutali. Pa bini iliyonse pamangidwe kathumba kokhala ndi kalendala ya masiku otolera ndi malangizo a kaimikidwe kake: matayala aloze kunyumba, chivundikiro chitsekukire kumsewu ndipo chikhale chotseka, ndipo pakhale mpata wa pafupifupi mita imodzi kuchokera ku bokosi la makalata, mtengo, galimoto kapena bini ina. Kwa amene nyumba zawo zili kutali ndi msewu, aloleni kusiya biniyo kugeti n'kumabweretsa katunduyo pa galimoto yawo, ndipo kwa olumala ndi okalamba amene alibe owathandiza mukonze zoti wotolera azilowa kukaitenga.

Nthawi yapakati pa kugawa ndi kutolera koyamba ikhale yaifupi. M'dera lina limene ndinakhalako mabini anagawidwa galimoto isanafike kuchokera kwa wopanga, ndipo patapita milungu ingapo ndinaona ena ali m'makola atadzaza chakudya cha akavalo, ina itaikidwa pansi pa denga kuti izitunga madzi a mvula. Anthuwo sanalakwe, chifukwa anapatsidwa chiwiya chabwino chopanda ntchito, koma kuwabwezera ku cholinga chake kunatenga nthawi yaitali.

Chomaliza: miyezi yoyamba

Lamya idzalira kwambiri m'masabata oyamba, ndipo payenera kukhala munthu woiyankha amene ali ndi kaundula wa mabini patsogolo pake. Amene akufuna kubweza bini muwapemphe kuti ayambe aiyesa mwezi umodzi kapena iwiri, popeza ambiri amasintha maganizo akaona mmene makatoni amalowera. M'nthawi yomweyi tumizani anthu awiri kuti azitsogola galimoto m'mawa, azitsekula zivundikiro n'kuyang'ana pamwamba pokha. Akapeza zosafunika amangirire kakhadi kaulemu kotchula chinthu chenichenicho, ndipo ngati cholakwikacho chabwerezedwa, biniyo isiyidwe osakhuthula mpaka mwini wake atachotsa. Kumudzi zimene zimapezeka kawirikawiri ndi zingwe zomangira udzu wa ziweto, mapulasitiki okutira chakudya cha ng'ombe, zigubu za mankhwala a m'munda, maunyolo ndi timasilinda ta gasi. Zoopsa koposa ndi mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'zida zamagetsi, omwe akaphwanyidwa m'galimoto kapena pa lamba wa fakitale amayaka moto. Kuletsa kokha sikukwanira. Kakhadiko kanene kumene munthu angakasiye batire, chigubu cha mankhwala kapena silinda.

Mwezi uliwonse lembani manambala atatu: matani amene atoleredwa, chiwerengero cha makomo amene atulutsa bini pa msewu uliwonse, ndi gawo la zosafunika limene fakitale yapeza. Pakatha miyezi 6 muwapereke kumsonkhano wa khonsolo pamodzi ndi matani amene apita kumtaya, poyerekeza ndi miyezi yomweyo chaka chatha. Msewu umene makomo ake ambiri satulutsa bini muuyenderenso ndi dalaivala uja ndipo mugogode pa zitseko zingapo, chifukwa kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chooneka ndi maso, monga ngalande, phiri kapena kalendala imene sinafike, ndipo chimakonzeka posuntha malo oimikapo bini kapena kutumizanso kalata.